MALINGA AWIRI PA PHIRI LIMODZI

Agogo ambiri a muno mu Chilenje ndi ku Kabwata mukawafunsa kumene anabadwira, amayankha kuti ku Foti Jemusoni. Ife a masiku ano timati ku Chipata. Mukatenga mapu akale mudzapeza kuti maina otere analipo ambiri. Mansa anali Fort Rosebery. Mchinji, kumene timafika tikangodumpha malire pa Mwami, anali Fort Manning. Chitipa anali Fort Hill, ndipo Mangochi anali Fort Johnston. Liu lakuti Fort m'cinenero cathu ndi linga. Kodi inu acinyamata munayamba mwadzifunsapo kuti malinga onsewa anamangidwa poopa yani, ndipo anali kuchinjiriza yani?

Ambiri mwa malinga amenewa lero simungawaone. Ena anali a mitengo ndi dothi, ciswe cinadya. Ena anasanduka maboma, pamalo pake n'kumangapo maofesi ndi masitolo. Koma lilipo limodzi limene makoma ake akali ciimire, cifukwa linamangidwa kutali ndi mseu, pamwamba pa mapiri a kum'mawa kwa tauni ya Mangochi m'dziko la Malawi. Dzina lake ndi Fort Mangochi. Wofuna kuliona ayenera kukwera ndi miyendo yake, thukuta lili kamukamu. Ndipo akafika pamwamba amakhala kuti waponda malinga awiri nthawi imodzi: la azungu limene akuliona ndi maso, ndi la mfumu ya Ayao, Jalasi, limene linali pomwepo azungu asanafike.

Ku Ulaya anthu amalipira ndalama zambiri kuti ayende ulendo wotere. Sitima zazikulu za pamadzi zonyamula alendo oona malo zikakoceza pa doko la Kotor m'dziko la Montenegro, alendo amatsika m'mamawa n'kukwera masitepe okwana ngati 1,350 kupita ku linga la San Giovanni pamwamba pa phiri, madzulo n'kubwerera m'sitima mwao. Ife timaganiza kuti zimenezo n'za azungu okha. Iai. Pa nyanja ya Malawi pali sitima yotchedwa Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Kwao kwa Ilala ndi pa doko la Monkey Bay. Ikakhala kuti siili m'manja mwa amakanika, imanyamuka pamenepo mlungu ndi mlungu kupita kumpoto mpaka ku Chilumba, n'kumakoceza pa Nkhotakota, pa cisumbu ca Likoma ndi pa Nkhata Bay. Kwaya kapena gulu la acinyamata likatsika pa Monkey Bay limakhala kuti latsala ndi makilomita oposa 60 kuti lifike m'tauni ya Mangochi, ndipo kucokera pamenepo tsiku limodzi limakwana kukwera ku linga ndi kutsika.

Kale sitima zinali kufika pa Mangochi penipeni, pamene mtsinje wa Shire ukutuluka m'nyanja. Ilala yoyamba, ya amisoni a Livingstonia, inadutsa pomwepa polowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, muli Dr Robert Laws. Mpaka lero pafupi ndi mlatho pali nsanja ya koloko yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mzinga wa m'sitima ya nkhondo ya Gwendolen, ndiponso cikumbutso ca anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946. Mukaoloka mlathowo n'kutenga mseu wa ku Namwera, galimoto imayamba kulira cifukwa ca citunda. Mukaceuka mumaona Shire ali nyezinyezi m'cigwa ndi nyanja ya Malombe kumwera. Pamenepo mwalowa m'dziko la Jalasi.

CINAKWEZA ANTHU M'MAPIRI N'CIANI?

Munthu wa nzeru zake samanga mudzi pamwamba pa phiri. Madzi ali kudambo, munda uli m'cigwa, dimba lili m'mbali mwa mtsinje. Makolo athu Acewa, Ansenga ndi Amang'anja anali kukonda kumanga pafupi ndi madzi. Cimene cinawakweza m'mapiri ndi mantha.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunacitika kadamsana. Pofika zaka za m'ma 1870 magulu ao anali atakhazikika: a Mpezeni kwathu kum'mawa kuno, a M'mbelwa kumpoto kwa Malawi, a Maseko ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu. M'cigwa ca Luangwa ndi Zambezi munali Acikunda a Matakenya ndi Kanyemba ndi mfuti zao za gogodera. Kum'mawa kwa nyanja kunacokera Ayao. Munthu wamba, wa khasu lake, anali pakati. Ena anazinga midzi yao ndi mipanda ya mitengo ndi makoma a dothi. Amene anali pafupi ndi phiri anathawira kuphiri.

A mpingo wa Reformed amalidziwa bwino dzina la Nkhoma. Amisoni T.C.B. Vlok ndi J. du Plessis atafika kumeneko mu 1896 anapeza mfumu Mazengera ndi anthu ake akukhala pamwamba pa phiri la Nkhoma, nyumba ndi nkhokwe zili pakati pa matanthwe, poopa Angoni. Tangoganizani moyo wa mai pamalo otere. Mwana ali kumbuyo, mtsuko uli pamutu, njira n'ya miyala yoterera, ndipo kutsika kukalima kunali kuika moyo pa nyambo, cifukwa wolima sadziwa ngati madzulo adzabwerera. Mabuku a mbiri amalemba maina a mafumu ndi a akulu a nkhondo, koma amene anasunga malinga a m'mapiri ndi amai amene anali kukweza madzi ndi cimanga tsiku ndi tsiku.

Ndipo phiri silinali kupulumutsa nthawi zonse. Ca m'ma 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anaukira Angoni a M'mbelwa n'kuthawira pa phiri la Hora, pafupi ndi Mzimba. Angoni sanavutike n'kukwera. Anangozinga phiri n'kukhala pansi. Ludzu litawapweteka anthu aja anayamba kutsika, ndipo ambiri anaphedwa. Linga la paphiri limagwa ndi madzi lisanagwe ndi nthungo.

Apa m'pamene phiri la Mangochi linali kusiyana ndi anzake. Nsonga yake ndi yaitali mamita oposa 1,700, koma m'munsi mwa nsongayo muli malo otakasuka, ozingidwa ndi zitunda, otha kumangapo mudzi waukulu, ndipo madzi amapezeka komweko. Njira zokwerera n'zocepa ndi zopapatiza, zoti amuna owerengeka okhala ndi mfuti angathe kutsekereza khamu. Jalasi, amene azungu m'mabuku ao anamulemba kuti Zarafi, sanakwere kumeneko kuti angobisala monga anacitira Mazengera. Anakwera kuti alamulire njira.

NJIRA YA MAGOLI

Njira yake inali iti? Kwao kwenikweni kwa Ayao ndi kumpoto kwa Mozambique, pakati pa mitsinje ya Lugenda ndi Rovuma. Kuyambira kale anali akatswiri a malonda ndi a maulendo. Anali kunyamula makasu, fodya ndi minyanga ya njobvu kupita kugombe la nyanja yamcere, ku Kilwa ndi ku cisumbu ca Mozambique, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mcere. Kuyambira ca m'ma 1830 njala ndi nkhondo za Alolo ndi Amakua zinawabalalitsa kwao, ndipo magulu ena anafika kumwera kwa nyanja ya Malawi. Anyanja ndi Amang'anja anawalandira ngati alendo. Pasanathe mbadwo umodzi alendo aja anasanduka eni dziko, cifukwa anali ndi mfuti.

Nthawi yomweyo kugombe kunali kufunika anthu ambiri ogwira nchito m'minda ya zonunkhiritsa ku Zanzibar ndi Pemba, ndi m'minda ya nzimbe pa zisumbu za Afalansa. Tsono malonda anasintha. Mfumu yofuna mfuti ndi onga inayenera kulipira minyanga kapena anthu. Yopanda mfuti inali kugwidwa ndi mnzake wa mfuti. Comweco aliyense anali kugwira anzake kuti iye asagwidwe, ndipo amene anali kulemera kwenikweni anali ogula a kugombe. Sindikunena izi kuti ndicotsere Jalasi mlandu. Munthu wogulitsa mwana wa mnzake ndi mkono wa nsalu amadziwa cimene akucita. Ndikungofuna muone kuti msampha wake unali wotani.

Colonel Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, anauza David Livingstone kuti akapolo okwana 19,000 ocokera m'dera la nyanja ya Malawi anali kudutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar caka ciliconse. Amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo. Ndipo musaganize kuti onse anali a ku Malawi. Panthawiyo kunalibe Mwami, kunalibe pasipoti. Maulendo anali kufika mpaka ku Luangwa, kwa Abisa, kwa Ansenga ndi kwa Acewa a kwathu kuno. Ogwidwa anali kuwamanga m'magoli, mtengo wa mphanda pakhosi, n'kuwayendetsa mpaka kunyanja. Ena anali kuwaolotsa pa zombo kucokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kupita kutsidya. Ena anali kuzungulira nao kumwera n'kuoloka Shire kwa mfumu Mponda, pomwe pali tauni ya Mangochi lero. Akaoloka pamenepo, kutsogolo kwao kunali mapiri a Jalasi. Citunda cimene inu mudzakwera mutanyamula botolo la madzi ndi mabanzi, ena mwa abale athu anakwera ali m'goli.

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, caka comwe Livingstone anamwalira kwa Chitambo muno m'Zambia. Koma kumtunda kuno malonda sanathe. Anapitirira mwakabisira zaka zina zoposa makumi awiri.

MZINGA UTSALA KUPHIRI

Mu 1891 boma la Britain linalengeza kuti dziko la m'mbali mwa nyanja lili m'manja mwake, ndipo linatuma Harry Johnston kukhala bwanamkubwa. Ndalama zoyendetsera boma latsopanolo, mapaundi 10,000 pa caka, zinali kucokera ku kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, yomweyo imene inadzalamulira dziko lathu lino mpaka 1924. Asilikali analibe ambiri. Anabwera ndi Amwenye okwana ngati 70, ambiri a iwo Asikhi, otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, n'kuonjezapo ena olembedwa ku Zanzibar ndi kugombe.

Mu Okutobala caka comweco anaombera mudzi wa Mponda, namasula akapolo amene anawapeza, namanga linga tsidya lina la Shire. Limenelo ndilo Fort Johnston loyamba. Zinthu zinaoneka ngati ziyenda mosabvuta. Koma mu Disembala 1891 Maguire anapita kukatentha zombo za mfumu Makanjira kum'mawa kwa nyanja, ndipo anaomberedwa ali m'madzi pobwerera ku sitima ya Domira, nafera pomwepo. Mbiri inawanda kuti azungu nawonso amafa.

Mu Febuluwale 1892 mzungu woyang'anira Fort Johnston, J.G. King, anaganiza zokwera kukalanga Jalasi. Anatenga asilikali ndi mzinga umodzi. Zimene zinacitika aliyense wokwera phirilo angazimvetse popanda buku. Wokwera amayang'ana pansi poponda, mpweya uli befubefu, ndipo saona munthu wobisala kuseri kwa thanthwe. Wokhala pamwamba amaona zonse ndipo safulumira. Anthu a Jalasi anawalekerera mpaka atalowa pakati pa miyala, ndipo pamenepo mfuti zinalira mbali zonse. King anavulazidwa koopsa, asilikali angapo anafa, onyamula katundu anataya mitolo n'kuthawa, ndipo mzinga uja unatsala m'manja mwa Jalasi. Kwa zaka zitatu ndi theka palibe msilikali wa boma amene anapondanso pamwambapo.

Johnston anaphunzirapo kanthu. Anaitanitsa Asikhi ena ku India, analemba Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu ena a m'dzikomo kuti akhale asilikali, ndipo boma la Britain linatumiza sitima za mizinga pa nyanja. Mu 1893 anagonjetsa mudzi wa Makanjira namangapo Fort Maguire. Caka ca 1895 ndico cinali cotsiriza. Mfumu Kawinga wa pa phiri la Chikala anagonja kuciyambi kwa caka. Mu Okutobala, Major C.A. Edwards anakwera phiri la Mangochi ndi gulu lalikulu, lophunzitsidwa bwino, lokhala ndi mfuti zamakono zoombera patali. Gogodera amafuna nthawi kuti umuthire onga ndi cipolopolo, ndipo sangalimbane ndi mfuti yotere ngakhale uli kuseri kwa thanthwe. Mudzi wa Jalasi unalandidwa, ndipo iye anathawira ku Mozambique. Mu Novembala anatsiriza za Mponda ndi Makanjira. Mu Disembala anagwira Mlozi ku Karonga namupacika, namasula akapolo 569, ndipo mwezi womwewo nkhondo inafika kwa mfumu ya Acewa, Mwase Kasungu.

ANAMASULA KAPENA ANALANDA?

Pano tiyenera kuima pang'ono, cifukwa m'pamene ambiri amakhota. Mabuku akale a kusukulu anali kunena kuti azungu anabwera kudzathetsa ukapolo, basi. Ena a masiku ano amati Jalasi anali ngwazi yomenyera ufulu wa dziko lake, basi. Ine ndikuona kuti onse awiri akubisa theka la nkhani.

N'zoona kuti nkhondo za 1895 zitatha, maulendo a magoli odutsa pa Shire anatha. Mai amene anamasulidwa tsiku limenelo sanafunse kuti womasula wacokera dziko liti. Anthu a m'mapiri anayamba kutsika n'kumanganso m'zigwa, monga anacitira a Mazengera ku Nkhoma. Zimenezi si zazing'ono, ndipo Mkristu sayenera kucita manyazi kuziyamikira.

Koma n'zoonanso kuti Johnston sanali kumenya ogulitsa akapolo okha. Anali kumenya mfumu iliyonse yokana kugonjera boma lake. Pofika 1894 nyumba iliyonse inali kulipira msonkho wa mashilini atatu, ndipo wopanda ndalama anali kukagwira nchito m'minda ya azungu ku Blantyre ndi ku Mulanje, pa nthaka imene dzana inali ya makolo ake. Wokana msonkho anali kumutenthera nyumba. Mu 1896 anapha Inkosi Gomani wa Angoni a Maseko, amene mlandu wake waukulu unali kukana ulamuliro wao. Goli la mtengo linacoka, koma panabwera lina losaoneka ndi maso.

Palinso cina cimene ndifuna acinyamata a mpingo acimve bwino. Ayao ambiri ndi Asilamu. Mfumu Makanjira analowa Cisilamu ca m'ma 1870 ndipo mafumu ena anatsatira. Tsono pali anthu amene akamva mbiri iyi amathamangira kunena kuti ukapolo unali wa Asilamu ndi Ayao. Limenelo ndi bodza lokoma m'makutu. Apwitikizi amene anali kutumiza anthu ku Brazil kucokera ku Quelimane anali obatizidwa. Matakenya wa ku Zumbo dzina lake lina anali José de Araújo Lobo. Mwase Kasungu, Mcewa mnzathu, anali pa malonda ndi Jumbe wa ku Nkhotakota. Angoni nawonso anali kugwira anthu, ena n'kuwasandutsa a m'banja, ena n'kuwagulitsa. Ndipo Ayao ambirimbiri anagulitsidwa ndi Ayao anzao. Mwa Ayao momwemo munaturuka Yohanna Abdallah, amene anadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican mu 1898 natumikira ku Unangu, ndipo analemba mbiri ya mtundu wake m'Ciyao. Mtundu wa manja oyera pa nkhani imeneyi n'ngosowa.

KUCOKERA KU MANGOCHI KUFIKA KU CHIPATA

Mwina wina akuti, zonsezi n'za ku Malawi, ife a mu Lusaka zitikhudza pati? Zitikhudza pa Chipata. Gulu la nkhondo limene linaphunzira nchito yake m'mapiri a Ayao, la Asikhi ndi asilikali Acitonga ndi Aciyao, ndilo linatembenukira kumadzulo. Kwa Mpezeni kunali mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, amene anagulitsa cilolezo cake ku kampani ya North Charterland, ndipo kampaniyo inali kukhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide. Mwana wa Mpezeni, Nsingo, ndi anyamata a m'magulu a nkhondo anaona kumene zinthu zinali kulowera ndipo anafuna kuwathamangitsa azunguwo. Mu Januwale 1898 asilikali anabwera kucokera ku Malawi ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Angoni anali ndi nthungo ndi zishango, ndipo anali kumenyera poyera. Nkhondo sinatenge masiku ambiri. Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale 1898, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Mpezeni wokalambayo anamutengera ku Fort Manning. Mwambo wa Nc'wala unaleka kucitika mpaka pamene unadzutsidwanso mu 1980.

Pambuyo pa nkhondo imeneyo ndipo panamangidwa Fort Jameson wa agogo athu uja. Ndipo pa 5 Julayi 1899 abusa J.M. Hofmeyr ndi P.J. Smit, ocokera ku misoni za Dutch Reformed za ku Malawi, anamanga msasa pa Magwero, ciyambi ca Reformed Church in Zambia. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere pamalire mu 1903. Tisabise: Uthenga Wabwino unalowa kum'mawa kuno pa njira imene mizinga inali itangolambula. Amisoni ambiri sanagwire mfuti, ndipo ena anadzudzula nkhanza za boma, koma anthu a nthawi imeneyo anaona mtanda ndi mbendera zikufika motsatizana, ndipo ena anatenga zaka kuti asiyanitse ziwirizi. Amene anathandiza kusiyanitsa anali alaliki ndi aphunzitsi acikuda, amene anayenda pansi mudzi ndi mudzi, akudya nsima imodzi ndi anthu.

LINGA LACIWIRI

Tibwerere kuphiri. Azungu atalanda mudzi wa Jalasi sanafune kuti abwerere, ndiponso anafuna kulondera malire a Apwitikizi amene ali pafupi. Poyamba anaikapo kampu ya asilikali, ndipo mu 1897 anamanga linga lolimba la miyala ndi njerwa, la makoma ocindikala, mkati muli nyumba za asilikali ndi za akulu ao. Mukaimirira m'munsi mwa khoma lotere pamwamba pa phiri, funso limabwera lokha: anasenza zonsezi ndani? Azungu pa linga lotere anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Mitu imene inasenza ndi manja amene anaumba zinali za anthu akuda, ndipo maina ao sanalembedwe pa khoma lililonse.

Codabwitsa n'cakuti linga lolimba cotere silinazingidwepo ndi mdani. Jalasi sanabwere kudzalithira nkhondo. Kuyambira 1907 mpaka 1910 boma linalisandutsa ndende. Pa nkhondo yaikulu yoyamba, ya 1914 mpaka 1918, linakhala malo ophunzitsira asilikali a King's African Rifles, ndipo ambiri mwa olembedwawo anali Ayao, ana a anthu omwe aja anaombera King mu 1892. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, atalowa m'Mozambique mu Novembala 1917, mseu wocokera pa doko la Fort Johnston kudzera ku Namwera unadzaza ndi asilikali ndi amtengatenga osenza cakudya ndi zipolopolo. M'Nyasaland monse amuna okwana ngati 200,000 anagwira nchito ya mtengatenga pa nkhondo imeneyo, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi cimfine coopsa ca 1918. Kwathu kunonso anatengedwa ambiri. Von Lettow-Vorbeck uja anadzatulukira muno m'Zambia, nalanda Kasama, namva za kutha kwa nkhondo pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Nkhondo itatha linga la pa Mangochi linasowa nchito. Madenga anagwa, mitengo inamera m'zipinda.

MUKAFUNA KUKWERA

Kucokera mu Lusaka ulendo ndi wa masiku awiri: makilomita ngati 570 pa Great East Road kufika ku Chipata, kudumpha pa Mwami, kudzera ku Mchinji ndi ku Lilongwe, n'kutsikira kunyanja. Nyengo yabwino ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala m'cigwa ca Mangochi dzuwa limacita kuotcha ngati ng'anjo, ndipo nthawi ya dzinja njira imaterera, udzu n'kutalika kuposa munthu.

Bwinjali lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi Forest Reserve, imene kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Liwonde National Park. Njobvu zimayenda pakati pa nkhalango ziwirizi, comweco musalowe nokha ngati mukupita ku Munda Wanga. Atsogoleri a gulu ayambe afunsa kwa oyang'anira nkhalango za cilolezo ndi za munthu wokuperekezani. Njira ya pansi imayambira ku midzi ya m'mbali mwa mseu wa ku Namwera. Mukafika kumeneko perekani moni kwa a mfumu a mudzi musanayambe kukwera, pakuti mlendo sadumpha bwalo. Kumbukiraninso kuti ndi dera la Asilamu ambiri: bvalani modzilemekeza, ndipo ngati ndi Lacisanu masana, nyimbo za kwaya zidikire mpaka mutapitirira mzikiti. Nyamukani m'mamawa, aliyense ndi madzi ake, nsapato zolimba osati mapatapata, ndipo wocedwa m'njira musamusiye. Pamwamba musakwere pa makoma kapena kulembapo maina anu ndi makala, ndipo njerwa isalowe m'cola ca munthu.

Za mudzi wa Jalasi simudzaona zambiri, pakuti nyumba za mitengo ndi udzu sizikhalitsa. Koma mukatsika n'kufunsa anthu a ku Namwera kuti dera lino n'la yani, adzakuuzani kuti n'la Mfumu Jalasi, cifukwa ufumuwo ulipobe mpaka lero ndipo boma la Malawi limauzindikira. Tauni ya m'cigwa ija, imene inali kudziwika ndi dzina la Harry Johnston, dziko litalandira ufulu inapatsidwa dzina la phiri la Jalasi.